Makomiti a m'Makomboni a Lusaka: Mbiri Yao ndi Chiyankhulo Chao

Akatswiri a mbiri ya mizinda alemba zambiri za makomboni a Lusaka: za nyumba, za madzi, za ngongole ndi za ndale. Koma pali funso limodzi limene kaŵirikaŵiri amalilumpha, kapena chifukwa limaoneka laling'ono, ndipo ndilo tifuna kulitola m'nkhani ino. Pamene anthu a m'komboni ankasonkhana kuti akambe za mseu kapena za mpopi, ankayankhula chiyankhulo chanji, ndipo zimene adanenazo zinkafika bwanji pa pepala la khonsolo? Tilondola mbiri ya makomiti a m'madera a mzindawu kuchokera m'nthaŵi ya atsamunda kufikira pa lamulo la 2019. Mfundo yathu ndi yakuti komiti ya m'dera idakhala ndi mphamvu zenizeni pa nyengo imodzi yokha, pamene mau onenedwa m'Chinyanja pabwalo adatha kusintha mzere wolembedwa pa mapu a khonsolo, ndi kuti chimene chidaipatsa mphamvuyo ndicho chomwe chidadzaifooketsa.

Mzinda wa alendo

Lusaka idayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji m'dziko la Asoli ndi Alenje, ndipo idatenga dzina la nyakwaŵa ya pamalopo, Lusaaka. Likulu la Northern Rhodesia lidasamukira kumeneko kuchokera ku Livingstone mu 1935, potsata pulani imene Stanley Adshead adajambula mu 1931. Pulaniyo inkaganizira za azungu ndi maofesi ao. Munthu wakuda ankaŵerengedwa mlendo wodzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa m'thumba, amene tsiku lina adzabwerera kwao. Popeza nyumba za antchito zinali zopereŵera, makontrakitala ndi eni mafamu ozungulira tauni ankalola anthu kumanga pa malo ao, ena akulipiritsa lendi mwezi ndi mwezi. Maina a malowo akali kusimba mbiriyi: John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga, Marrapodi ndi dzina la kontrakitala wa ku Italy, ndipo Misisi ndi katchulidwe ka anthu ka liu la Chingerezi loitanira mai wokwatiwa, kunena mai wachizungu amene anali mwini malo. Liu lakuti komboni nalonso ndi lobwereka, mbale wake wa inkomponi wa Chizulu cha kumigodi, ndipo limayenda ndi linzake lotsutsana nalo, kumayadi.

Mlendo sakhala ndi mpando pabwalo la eni mudzi, motero funso la mau a munthu wakuda m'khonsolo silinkabuka nkomwe. Pamene atsamunda adaona kuti pafunika womvera madandaulo, adatsata njira imene idayambira ku migodi ya Copperbelt. Mu 1931, pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, oyang'anira komboni adakhazikitsa akuluakulu a mitundu: Abemba asankhe wao, Alozi wao, Angoni wao, Ansenga wao. Mabungwe olangiza boma amene adadza pambuyo pake m'matauni a dzikolo adamera pa maganizo omwewo, ndipo ntchito yao inali kulangiza chabe. A. L. Epstein, m'buku lake la 1958 lonena za Luanshya, adaonetsa momwe akuluakuluŵa adatayira ulemu pa sitiraka ya 1935, ndi momwe antchito a m'migodi adavotera mu 1953 kuti udindowo uthe.

Kwa ife chofunika m'dongosolo limeneli ndi njira imene mau ankayendamo. Wodandaula ankayankhula chiyankhulo cha kwao kwa mkulu wa mtundu wake, mkuluyo nkukauza kalaliki kapena womasulira, ndipo womasulirayo nkukauza mzungu. Mau ankakwera okhaokha ngati utsi. Mnsenga ndi Mtonga okhala khomo ndi khomo, otunga pa chitsime chimodzi, analibe bwalo loti akambiranepo za chitsimecho.

Nyumba 25

Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, malamulo oletsa anthu kuloŵa m'tauni adatha mphamvu, ndipo Lusaka idafufuma. Kalembera wa 1963 adapeza anthu pafupifupi 123,000; wa 1969 adapeza oposa 262,000; pofika 1980 anali atapitirira 535,000. Mu 1970 malire a mzinda adafutukulidwa, nameza makomboni ambiri amene kale anali kunja. Khonsolo idakhala ndi anthu zikwizikwi m'manja mwake amene malo ao lamulo silinkaŵadziŵa, ndipo sinkaŵapatsa madzi, miseu kapena sukulu.

Mpata umenewu udadzazidwa ndi chipani cha UNIP. Chipanichi chidagaŵa komboni m'timagulu totchedwa sekishoni, ta nyumba ngati 25; masekishoni angapo ankapanga nthambi, ndipo nthambi zingapo zinkakhala pansi pa wadi. Tcheyamani wa sekishoni kapena wa nthambi ndiye ankaloza mlendo poti amange, kuonetsa kuti nyumba zikhale m'mizere ndi kusiya njira pakati, kuŵeruza milandu ya m'banja ndi ya malire, kusonkhetsa ndalama za maliro, ndi kumema anthu kukakumba chitsime kapena kukaumba njerwa za sukulu. Anthu adayambanso kutcha malo ao maina atsopano. Komboni imene inkadziŵika ndi dzina la Roberts idasanduka Chawama. George idapatsidwa dzina lakuti Mwaziona, liu limodzi lokhala ndi chiganizo chathunthu mkati mwake, ndipo Mcheŵa aliyense amva msanga kuti -zi- ameneyo akuimira zovuta.

Apa ndipo padachitika kusintha kumene akatswiri a ndale sakupatsa kulemera kokwanira. Mkulu wa mtundu ankaimira anthu a chiyankhulo chimodzi omwazikana m'komboni monse. Tcheyamani wa sekishoni ankaimira anthu a malo amodzi, a ziyankhulo zosiyanasiyana. M'nyumba 25 zimenezo munkapezeka Acheŵa, Ansenga, Atumbuka, Abemba, Atonga, Alenje, ndi ena ochokera ku Malaŵi ndi ku Rhodesia. Msonkhano wa anthu otere sungatheke popanda chiyankhulo chimodzi chokumanirapo, ndipo ku Lusaka chiyankhulocho chinali chilipo kale. Chinyanja chidabwera ndi anthu a chigawo cha Kum'maŵa ndi a ku Nyasaland amene adadza kudzagwira ntchito, ndipo atsamunda adachisandutsa chiyankhulo cha apolisi ndi asilikari. M'tauni chidasakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, nichikhala chimene ena amachitcha Chinyanja cha m'tauni.

Ife ophunzira ziyankhulo takhala tikuchiyang'ana cham'mbali Chinyanja chimenechi. Timati nchosweka, timati chidataya malamulo, ndipo mabuku athu a galamala amachitchula pongofuna kuchenjeza ana a sukulu. Chikhalirecho ndicho chidasenza ntchito ya boma la m'dera kwa zaka pafupifupi 30, m'malo mmene Chicheŵa cha m'mabuku ndi Chingerezi cha m'maofesi sizikadafika.

Pa nthaŵi yomweyo boma lidasankha njira ina. Mu 1965 lidagamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 lidatsimikiza zimenezo. Chinyanja chidakhala chimodzi mwa ziyankhulo 7 zololedwa pa wailesi ndi m'maphunziro ena, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, koma malamulo, makalata a khonsolo ndi zolembedwa za misonkhano yake zonse zinali m'Chingerezi. Mzinda udakhala ndi maboma aŵiri, lina loyankhula ndi lina lolemba.

Kuyenda mseu

Maboma aŵiriŵa adakumana mu 1974. Pulani yachiŵiri ya chitukuko cha dziko, ya 1972 mpaka 1976, idavomera kuti makomboni osaloledwa ndi chuma chimene anthu adadzimangira okha, ndipo nkwabwino kuŵakonza kusiyana ndi kuŵagumula. Mu 1974 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, limene lidalola khonsolo kupatsa mwini nyumba ya m'komboni chiphaso chokhalira pamalopo zaka 30. Chaka chomwecho World Bank idapereka ngongole ya madola 20 miliyoni, pafupifupi theka la mtengo wa ntchito yonse, kuti akonze Chawama, George, Garden pamodzi ndi Chaisa, ndiponso Chipata. Khonsolo idatsegula ofesi yapadera ya ntchitoyi, Housing Project Unit, ndipo bungwe la American Friends Service Committee ndi la UNICEF adathandiza kuphunzitsa alangizi oyenda m'makomo.

Okonza ntchitoyi sadapange makomiti atsopano apansi. Adatenga sekishoni monga idaliri. Mpopi umodzi, kapena pompi monga anena a ku Lusaka, unkaikidwa pa nyumba 25 zilizonse, ndiye kuti muyeso wa chipani udasanduka muyeso wa mapaipi. Alangizi ankayamba ndi atsogoleri, kenaka nkutsikira ku misonkhano ya sekishoni iliyonse kukafotokoza za chiphaso, za ngongole ya zipangizo zomangira, ndi za ndalama zolipira pamwezi.

Chovuta kopambana chinali miseu. Komboni yomangidwa mothithikana singalandire mseu woti galimoto ya zinyalala kapena ambulansi ipitemo popanda kugwetsa nyumba za anthu. Injiniya akadakhala mu ofesi nkujambula mzere woongoka, mzerewo ukadadutsa pa nyumba mazanamazana, ndipo eni nyumbazo akadaona boma lomwe lija lobwera ndi zigumula. M'malo mwake m'dera lililonse mudakhazikitsidwa gulu lokonza za miseu, Road Planning Group, mmene munali makhansala, atsogoleri a nthambi ndi masekishoni, ndi anthu ena omveka a m'deralo. Mainjiniya ankabwera ndi maganizo ao, koma gululo linkatuluka nkuyenda pansi njira yonseyo, kuchokera poyambira mpaka pothera, akuima pa nyumba iliyonse imene mzere ukadaikhudza. Pamenepo mseu unkatha kukhotetsedwa kuti ulambalale nyumba yolimba kapena msika. Amene nyumba zao zidagwabe ankapatsidwa malo pa dera loyandikana nalo lokonzedwera iwo, kuti asatalikirane ndi anansi ao. Olemba za ntchitoyi, monga David Pasteur m'buku lake la 1979 ndi Carole Rakodi, amagwirizana kuti kusamutsa anthu kudachitika popanda chipolowe chimene ambiri ankachiopa.

Tiyeni tione bwino chimene chidachitika pa ulendo wotere. Mapu ndi chiyankhulo cha anthu ophunzira: ali ndi zilembo zake, miyeso yake ndi mau ake a Chingerezi m'mphepete. Kuŵayala pa tebulo pamaso pa mai wogulitsa tomato nkumufunsa maganizo ake ndi kumutseka pakamwa mwaulemu. Koma kuima naye pakhomo pake nkuloza kuti mseu udzera apa, pakati pa chimbudzi ichi ndi mtengo uwo, ndi kumasulira mapuwo m'chiyankhulo chimene iye ali katswiri wake kuposa injiniya. Iye adziŵa kumene madzi amaima m'dzinja ndi kumene thanthwe lili pafupi. Pa ulendo umenewo wosoŵa mau anali mlendo wa ku ofesi, ndipo kumasulira kunkayenda mbali zonse ziŵiri: Chingerezi kutsikira m'Chinyanja, ndi Chinyanja kukwera kukaloŵa m'mapu. Miseu yokhotakhota ya Chawama ndi George ndiyo zolembedwa za misonkhano imeneyo, popeza mau eniake onenedwa pamenepo sadasungidwe m'chiyankhulo chimene adanenedwamo.

Mau ake a ntchitoyi

Pano tipatuke pang'ono kuti tione mau amene dongosololi lidasiya m'chiyankhulo. Pafupifupi maina onse a maudindo ndi obwereka: komiti, sekishoni, wadi, khansala, khonsolo, tcheyamani. Chiyankhulo chidaŵalandira mosavuta nkuŵaika m'magulu a maina. Komiti idapeza kuchuluka kwake mwa ma-, makomiti. Tcheyamani adaloŵa m'gulu la anthu, natenga a- waulemu, a tcheyamani, monga a mfumu. Liu lakuti wapampando lilipo ndithu, ndipo wailesi imalikonda, koma m'komboni silidapambane. Chochititsa chidwi ndi chakuti mau akale a bwalo, nyakwaŵa, nduna ndi mfumu sadagwiritsidwe ntchito pa maudindo ameneŵa, ngakhale kuti tcheyamani ankachita zambiri zimene nyakwaŵa imachita kumudzi. Ife tiganiza kuti liu lobwereka linali ndi ubwino umodzi: silinali la mtundu uliwonse. Mtonga sakadavomera msanga kukhala pansi pa nyakwaŵa, koma tcheyamani anali wa onse.

Mau akuti kutenga mbali kapena kutengapo mbali, amene tsopano ali pakamwa pa mlangizi aliyense, ife tiŵaona ngati malaya osokedwa pa thupi la Chingerezi. Sanena ngati wotenga mbaliyo adayankhula kapena adangonyamula khasu. Chiyankhulo chili ndi zida zakuthwa kuposa zimenezo m'misintho ya aneni. Kuchokera ku uza timapeza uzidwa ndi uzana; kuchokera ku panga timapeza pangira, pangiridwa ndi pangana; kuchokera ku mva timapeza mvera, mvetsa ndi mvana. Msintho wa -an- sulola kuti mmodzi akhale wochita ndi mnzake wochitidwa. Munthu wotuluka mu msonkhano akati tauzidwa, ndi wina akati tapangana, afotokoza misonkhano iŵiri yosiyana kotheratu, imene lipoti la Chingerezi likhoza kuitcha dzina limodzi. Ndipo mvera ali ndi nkhope ziŵiri, kutchera khutu ndi kugonjera, kotero kuti mtsogoleri wonena kuti anthu amvera sanama konse, ngakhale atakhala kuti palibe adatsegula pakamwa. Acheŵa a ku Malaŵi adziŵa bwino momwe liu lingatembenukire: thangata, limene linali kuthandizana kwa anansi, lidasanduka dzina la ntchito yokakamiza pa minda ya azungu, imodzi mwa nkhani zimene zidautsa John Chilembwe mu 1915.

Chipani chimeza khonsolo

Ngozi ya mtundu umenewu inali m'sekishoni kuyambira pachiyambi. Mu Disembala 1972 Zambia idakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo a Kenneth Kaunda adautcha ulamulirowo one-party participatory democracy. Komiti imene inkayenda ndi mainjiniya ndiyo yomwe inkagulitsa makhadi a chipani, ndipo anyamata ake nthaŵi zina ankaima pa msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi. Wosagwirizana ndi UNIP analibe bwalo lina. Alendi, amene anali ambiri, ndi amai, amene ankatunga madziwo, sankamveka mofanana ndi amuna eni nyumba. Ntchito ya World Bank idaonetsanso malire a mphamvu za atcheyamani pa nkhani ya ndalama. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, khonsolo idalephera kuchotsa zinyalala ndi kukonza miseu monga idalonjezera, anthu ambiri adaleka kulipira, ndipo atsogoleri a chipani sadafune kudana ndi oŵasankha poŵakakamiza.

Kenaka kudabwera lamulo la 1980, Local Administration Act, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1981. Lamuloli lidaphatikiza chipani ndi khonsolo kukhala chinthu chimodzi. Udindo wa meya udathetsedwa, ndipo pampando padakhala bwanamkubwa wa boma wosankhidwa ndi pulezidenti. Tcheyamani wa chipani wa wadi ndiye adakhala khansala, wosankhidwa ndi a m'chipani okha. Boma linkati likutsitsira mphamvu kwa anthu, koma munthu wamba adataya ngakhale voti yosankhira khansala imene lamulo la 1965 lidampatsa. Sekishoni, imene kale inkanyamula mau a komboni kupita nawo ku khonsolo, idatsala ndi ntchito yotsitsa mau ochokera kumwamba: kumema anthu kukalandira alendo, kulemba maina, kulengeza. Msonkhano udali m'Chinyanja monga kale, koma mneni wake adali uzidwa.

Maina atsopano

Chipani cha MMD chitapambana mu Okutobala 1991, lamulo la maboma aang'ono la chaka chomwecho lidalekanitsa chipani ndi khonsolo, nkubwezera umeya ndi voti ya aliyense. Masekishoni a UNIP adafota, ndipo makomboni adatsala opanda komiti yodziŵika. M'malo mwake mudadza makomiti a anthu okhalamo osatsamira chipani, Residents Development Committees, amene khonsolo idaŵavomereza ndipo mabungwe akunja adaŵalimbikitsa. Bungwe la CARE lidayamba mu 1992 ndi ntchito yolipira chakudya, mmene amai ambiri adakonza miseu ndi ngalande, ndipo pambuyo pake lidathandiza kumanga mipopi ku Chipata ndi ku Kanyama yoyendetsedwa ndi anthu a komweko. Makomiti ameneŵa adachita zooneka pa nkhani ya madzi, koma kaŵirikaŵiri ankalimbana ndi makhansala pa funso lakuti woimira dera ndani, ndipo ndalama zao zinkachokera kwa opereka thandizo amene ankafuna malipoti m'Chingerezi. Mlembi wodziŵa kulemba pempho la ndalama adayamba kulemera kuposa mkulu wodziŵa kuyankhula pabwalo.

Lamulo la maboma aang'ono la 2019 lidakhazikitsa komiti ya chitukuko m'wadi iliyonse, Ward Development Committee. Wadi imagaŵidwa m'mazoni, zoni iliyonse imasankha woiimira, ndipo pamodzi nao pamakhala khansala, alangizi a boma a zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi, ndi oimira magulu ena. Komiti imeneyi idapeza kulemera kwatsopano pamene bajeti ya 2022 idakweza thumba la chitukuko la dera la phungu aliyense kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, pakuti mapempho a anthu amadzera m'manja mwake asanapite ku komiti yogaŵa ndalamazo. M'makomboni monga Kanyama ndi Chipata, mmene kolera idabuka mu Okutobala 2017, kusankha pakati pa ngalande, chimbudzi cha pamsika ndi chipinda cha sukulu ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Malamulo aakulu a dziko monga adasinthidwira mu 2016 amanena kuti chiyankhulo cha boma ndi Chingerezi, ngakhale amalola kuti china chigwiritsidwe ntchito m'sukulu, m'makhoti ndi m'maofesi ngati lamulo litalongosola motero. Kusintha komweko kudalamula kuti wofuna kukhala khansala akhale ndi setifiketi ya Giredi 12. Pa muyeso umenewo, ambiri mwa atcheyamani amene adayenda ndi mainjiniya m'tinjira ta Chawama ndi George m'zaka za m'ma 1970 sakadaloledwa ngakhale kupereka maina ao.